ZA M'MAIKO AKUTALI: Manda Opanda Ciliza a Tom Wills

Kwathu kuno munthu akamwalira, mbumba yace siikhala ndi mtendere mumtima kufikira itamanga ciliza pamanda pace. Ngakhale wosauka amagulitsa mbuzi kapena thumba la nshawa kuti agule simenti, cifukwa manda opanda cizindikiro ndi manyazi kwa otsala. Tsono mudzadabwa kumva kuti m'dziko lolemera la Australia muli munthu amene anagona m'manda opanda dzina zaka 100 zathunthu, cikhalireco iye ndiye mmodzi wa oyambitsa masewera amene lero amadzaza bwalo la anthu 100,000. Dzina lace ndi Tom Wills. Sabata ino ndifuna tikambirane za moyo wace, pakuti m'moyo umenewo muli zokondweretsa, muli zomvetsa cisoni, mulinso mlandu umene anthu a kumeneko akali kuuzenga.

MWANA WA PAKATI PA MITUNDU IWIRI

Thomas Wentworth Wills anabadwa pa 19 August 1835 m'cigawo ca New South Wales, kufupi ndi pamene pali mzinda wa Canberra lero. Masiku amenewo Australia anali pansi pa ulamuliro wa Angerezi, ndipo iwo anali kutumizako akaidi ao pa zombo. Agogo ace a Tom, a Edward Wills, anafika m'dzikomo ali mkaidi pa mlandu wa kufwamba anthu pamseu. Mbiri imeneyi banja silinafune kuti imveke. Atate ace a Tom, a Horatio Wills, anatsimikiza mtima kufafaniza manyaziwo ndi cuma ndi maphunziro, ndipo ca m'ma 1840 anasamukira kumwera, ku dera limene lero lichedwa Victoria, natenga malo akulu owetera nkhosa kufupi ndi phiri la Ararat.

Ndati "natenga" mwadala, cifukwa malowo anali ndi eni ace. Eni dziko la Australia ndi anthu akuda amene azungu anawacha Aaborijini, ndipo iwo anali atakhalamo zaka zikwi zambirimbiri mzungu asanaponde phazi. A m'dera limenelo anali a mtundu wa Djab wurrung. Nkhosa zinatha zomera zimene iwo anali kukumba kuti adye, zinadetsa madzi ao, ndipo pamene eni dziko anagwira nkhosa cifukwa ca njala, azungu anayankha ndi mfuti. Inu amene makolo anu anaona nthaka yao yabwino irikusanduka mafamu a atsamunda kuzungulira Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, simufunika kuti ndikumasulireni zambiri.

Komatu ana sadziwa malire. Tom analibe anzace acizungu pafupi, tsono anakulira pakati pa ana a Djab wurrung. Analankhula cinenero cao bwino lomwe, nadziwa nyimbo zao ndi masewera ao. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tidzakumana nayonso kutsogoloku.

ANAMTUMA MABUKU, ANABWERA NDI MPIRA

Mu 1850, ali ndi zaka 14, Tom anakwezedwa combo yekha kupita ku England, ulendo wa miyezi isanu pamadzi. Atate ace anamlowetsa pa sukulu yochuka ya Rugby, ndipo colinga cao cinali cakuti mwanayo adzakhale loya. Koma mtima wa mnyamatayo sunali m'mabuku ai. Unali pabwalo la masewera, makamaka pa kiriketi.

Popeza ambiri a ife kiriketi timangoimva m'wailesi, ndiifotokoze pang'ono. Ndi masewera a magulu awiri, anthu 11 mbali iri yonse. Pakati pa bwalo amazika timitengo titatu kuno ndi titatu uko. Wina amaponya kampira kolimba ka cikopa, kocepera pang'ono lalanje, kuti agwetse timitengoto. Wina amaima patsogolo pace ndi thabwa kuchinjiriza, ndipo akamenya kampirako kutali amathamanga pakati pa timitengo ta mbali ziwirizo kuonjezera mapointi a gulu lace. Mpikisano umodzi ungathe kutenga masiku angapo. Woponya ali ndi lamulo lolimba: asapinde ndi kuongola cigongono monga acitira mwana wogenda mbalame ndi mwala, koma mkono uzizungulira uli woongoka.

Tom anali katswiri pa kuponya ndi pa kumenya komwe. Anakhala kaputeni wa timu ya sukuluyo, ndipo mu 1856 anasewerera yunivesite ya Cambridge polimbana ndi ya Oxford, ngakhale kuti sanali wophunzira wa pamenepo. Pa Rugby anaphunziranso mpira wa mtundu wa pasukulupo, womenya ndi phazi ndi kugwira ndi manja, wa kukankhana ndi kugwetsana. Ndipo ku England komweko anayamba cizolowezi cina cimene panthawiyo cinaoneka cacing'ono, ndico kumwa mowa ndi anzace a masewera.

Anabwerera ku Melbourne mu December 1856. Mzindawo unali utakula msanga cifukwa ca golide amene anapezeka m'Victoria mu 1851, ndipo anthu ace anali ndi njala ya kugonjetsa anansi ao a ku New South Wales pa kiriketi. Tom anawapatsa cimene anali kufuna. Anakhala kaputeni wa Victoria, natsogolera timu yace kupambana kangapo konse, nasankhidwanso kukhala mlembi wa kalabu ya kiriketi ya Melbourne. Za uloya zinathera pomwepo.

KALATA IMENE INABALA MASEWERA

Nyengo za ku Australia zimayenda monga zathu: June ndi July ndi miyezi ya cisanu, December ndi January ndi ya kutentha. Kiriketi imaseweredwa nyengo yotentha, kotero kuti m'cisanu anyamata anali kungokhala, matupi ndi kumalemera. Pa 10 July 1858 nyuzipepala ya Bell's Life in Victoria inasindikiza kalata ya Tom Wills, m'mene anapempha kuti pakhazikitsidwe kalabu ya mpira yokhala ndi malamulo ace, kuti osewera kiriketi akhale olimba nyengo ya cisanu.

Pasanathe mwezi, pa 7 August 1858, sukulu ziwiri za mu Melbourne, Scotch College ndi Melbourne Grammar, zinakumana pa thengo la pafupi ndi bwalo la kiriketi, anyamata 40 mbali iri yonse, mitengo iri pakati pa bwalo. Tom anali mmodzi wa oimbira awiri. Anasewera masiku atatu a Ciweru, ndipo pomaliza mbali iri yonse inali ndi cigoli cimodzi.

Tsono pa 17 May 1859 amuna anai anakhala pansi m'nyumba ya alendo yochedwa Parade Hotel: Tom Wills, William Hammersley, J. B. Thompson ndi Thomas Smith. Analemba malamulo 10 a kalabu ya mpira ya Melbourne. Sanatenge malamulo a ku Rugby monga analiri. Analetsa kumenyana mateche m'misongolo, kumene ku England kunali kololedwa, pakuti nthaka ya ku Australia ndi youma, ndipo osewerawo anali amuna akulu oyenera kukagwira nchito m'mawa mwace. Analamulanso kuti munthu akawakha mpira womenyedwa ndi phazi usanagwe pansi, apatsidwe mpata wa kuumenya popanda womsokoneza. Dziwani kuti mpira wa miyendo umene timasewera kuno malamulo ace analembedwa ku London mu 1863. A ku Melbourne anatsogola ndi zaka zinai.

Masewerawo anakula. Lero mbali iri yonse imakhala ndi anthu 18 m'bwalo, bwalo lace ndi lalikulu looneka ngati dzira, mpira wacenso ngati dzira. Wothamanga nao ayenera kuugunditsa pansi pa mamita 15 ali onse. Kumapeto kwa bwalo kuli mizati inai: mpira ukamenyedwa ndi phazi ndi kudutsa pakati pa iwiri ya pakati ndi mapointi 6, ukadutsa cakumbali ndi 1. Tom anasewerera Melbourne ndiponso Geelong, ndipo makalabu onse awiri alipobe mpaka lero.

Pali mtsutso umodzi umene sunathe. Aaborijini a ku Victoria anali ndi masewera ao ochedwa marngrook, omenya m'mwamba mpira wa cikopa ca kanyama ka m'mitengo kochedwa possum, anyamata ndi kumalumpha kuti auwakhe. Ena amati Tom anaona masewerawo ali mwana nawakumbukira polemba malamulo. Olemba mbiri ena amakana, amati palibe kalata kapena pepala la nthawiyo losonyeza zimenezo, ndi kuti tsinde la malamulowo ndi sukulu za ku England. Coona cosatsutsika ndi cakuti lero Aaborijini ali pakati pa akatswiri oposa a mpira umenewu.

TSOKA LA KU CULLIN-LA-RINGO

Kumayambiriro kwa 1861, mbiri ya Tom iri pacimace, atate ace anamuitana kuti apite nao kumpoto, ku Queensland, kukatsegula famu yatsopano yochedwa Cullin-la-ringo kufupi ndi mtsinje wa Nogoa. Anayenda miyezi isanu ndi itatu kucokera ku Brisbane ndi ngolo, anchito, akazi ndi ana, ndi nkhosa zikwi zambiri. Kumeneko nkhondo ya malo inali itayaka kale, ndipo mzungu wina wa famu yoyandikana anali ataombera eni dziko a mtundu wa Gayiri pa nkhani ya nkhosa.

Pa 17 October 1861, atangokhala milungu iwiri pamalopo, eni dziko anagwera msasawo masana napha azungu 19, pamodzi ndi akazi, ana ndi a Horatio Wills omwe. Tom anapulumuka cifukwa atate ace anali atamtuma kukatenga katundu amene anatsala m'mbuyo. Pobwera anapeza msasa uli zii.

Cimene cinatsatira cinali coopsa koposa. Azungu a m'mafamu pamodzi ndi apolisi a boma la atsamunda anasaka eni dziko m'mapiri ndi m'zigwa kwa milungu yambiri, osasankha wolakwa ndi wosalakwa. Olemba mbiri ena amawerengera kuti ophedwa anaposa 300. Tom mwini, m'kalata imene analembera msuweni wace H. C. A. Harrison masiku omwewo, anachula maina a azungu akufawo, napempha kuti amtumizire amuna olimba mtima okaombera munthu wakuda ali yense amene angamuone. Anatsala pafamupo zaka ziwiri, wosapeza tulo tokwanira, mfuti iri pambali, botolo liri pafupi. Osunga cuma ca masiye ataona kuti famu siirikuyenda, anamcotsa, ndipo mu 1864 anabwerera ku Victoria.

KAPUTENI WA TIMU YA ANTHU AKUDA

Apa ndi pamene nkhani imazunguza mutu. Mu 1866, patangopita zaka zisanu cifere atate ace, Tom anapita ku Edenhope, kumadzulo kwa Victoria, kukaphunzitsa kiriketi anyamata a Ciaborijini ogwira nchito m'mafamu a nkhosa. Analankhula nao m'cinenero cimene anaphunzira ali mwana, pakuti cinali cofanana ndi cao. Pa 26 December 1866 anawatsogolera monga kaputeni wao pabwalo lalikulu la Melbourne, pamaso pa anthu oposa 8,000. Anagonja, koma khamulo linawaombera m'manja, ndipo maina a Johnny Mullagh, Bullocky, Cuzens ndi Dick-a-Dick anamveka m'dziko lonse. Maina amenewa anapatsidwa ndi azungu. Dzina lenileni la Mullagh linali Unaarrimin.

Ulendo wao unaonongeka ku Sydney mu 1867, pamene munthu amene analonjeza ndalama za kupita ku England anapezeka kuti ndi wonyenga. Anyamatawo anabwerera kwao opanda kanthu, ndipo ena anadwala namwalira. Mzungu wina, Charles Lawrence, anatenga timuyo napita nayo ku England mu 1868, Tom atatsala. Imeneyi ndiyo inali timu yoyamba ya kiriketi yocokera ku Australia kukasewera ku England, zaka 10 timu ya azungu isanapite. Anasewera mipikisano 47: anapambana 14, anagonja 14, ndipo 19 inatha popanda wopambana. Mmodzi wa iwo, King Cole, anamwalira ndi cifuwa cacikulu naikidwa ku London.

Nanga n'ciani cinamtuma Tom kwa anyamatawa? Ena amati unali mtima wa kukhululuka. Ena amati zinali ndalama, popeza anali ndi ngongole ponseponse ndipo kiriketi ndiyo inali khasu lace. Ine ndiona kuti munthu angathe kusenza zonse ziwiri pamutu umodzi.

NG'OMA ING'AMBIKA

Akulu anati ng'oma yolira siicedwa kung'ambika. Mphamvu za unyamata zitayamba kucepa, Tom anayamba kupinda cigongono poponya kuti kampira kathamangebe. Anthu anang'ung'udza zaka zingapo, ndipo mu 1872, pa mpikisano wa Victoria ndi New South Wales, woimbira anamgwira poyera. Anakhala munthu woyamba kulangidwa motero pa mipikisano yaikulu ya ku Australia. Nyuzipepala zimene zinali kumtamanda zinamtembenukira, ndipo iye anayankha ndi makalata aukali amene anamcotsera abwenzi otsala. Victoria anaisewerera komaliza mu 1876.

Pambuyo pace anakhala ku Heidelberg, kunja kwa Melbourne, ndi mkazi dzina lace Sarah Barbor, amene abale a Tom sanamlandire. Ndalama zinatha, mowa sunathe. Kumapeto kwa April 1880 anadwala nthenda imene imagwira munthu womwa kwambiri akasiya mwadzidzidzi: thupi limanjenjemera, tulo timasowa, ndipo munthu amaona ndi kumva zinthu zimene palibe. Anamtengera ku cipatala ca Melbourne, koma anathawamo nabwerera kunyumba, ndipo pa 2 May 1880 anadzipha, ali ndi zaka 44. Pamaliro pace panafika anthu owerengeka pa zala. Makamu aja oomba m'manja sanaoneke. Anamuika m'manda a ku Heidelberg popanda mwala, popanda dzina.

Pano ndiime pang'ono, cifukwa nthenda imeneyi siya ku Australia kokha. M'midzi mwathu timaona munthu wa kacasu akunjenjemera ndi kulankhula ndi anthu osaoneka, ndipo ena amathamangira kunena kuti walodzedwa. Imeneyi ndi nthenda, ndipo imapha. Munthu wotero apite naye ku cipatala msanga, ndipo asasiyidwe yekha usana kapena usiku. Dokotala wa nthenda za maganizo, Greg de Moore, amene analemba buku la moyo wa Tom Wills mu 2008, anasonyeza kuti zimene Tom anaona ku Cullin-la-ringo zinamsiyira bala mumtima limene silinapole. Masiku amenewo panalibe wodziwa kuciza bala lotero, ndipo iye analithira mowa.

MLANDU SUOLA

Kwa zaka zambiri dzina la Tom linaiwalika, ndipo ulemu wa kukhala tate wa mpira unapatsidwa kwa msuweni wace Harrison, munthu wodziletsa amene anakhala ndi moyo mpaka 1929. Banja lodzipha munthu ndi cidakwa silinafune kumchula. Koma mu 1980, patapita zaka 100, kalabu ya kiriketi ya Melbourne inamanga ciliza pamanda pace. Mu 1996 analembedwa m'gulu loyamba la akatswiri olemekezeka a mpira wa ku Australia, ndipo kunja kwa bwalo lalikulu la Melbourne anaimika cifaniziro cace ca mkuwa, alikuimbira anyamata a sukulu aja a mu 1858. Ambiri anayamba kumuona monga mlatho pakati pa oyera ndi akuda: mwana amene analankhula cinenero ca eni dziko, mwana wamasiye amene anakhululuka.

Tsono mu 2021 wofufuza wina anatulukira nkhani ya m'nyuzipepala ya Chicago Tribune ya ku America, ya mu 1895. Wolemba wace, amene anabisa dzina, ananena kuti Tom anamuuza ndi pakamwa pace kuti anali nao m'gulu la obwezera ku Cullin-la-ringo, ndi kuti anapha eni dziko. Olemba mbiri anagawanika: ena anasonyeza zolakwika zambiri m'nkhaniyo, ena anati muli tinthu tina timene akanadziwa munthu yekhayo amene anakhala pafupi ndi Tom. Mtsutsowo ukalipo. Koma kalata ija yopempha amuna a mfuti palibe amaikana, pakuti inalembedwa ndi dzanja lace.

Nanga ife tinene ciani? Kwathu pamaliro timakonda kunena zabwino zokha zokha, ndipo m'menemo muli ulemu. Koma mbiri ya dziko siiri mau a pamanda. Anthu a ku Australia analakwa koyamba pamene anamtaya Tom cifukwa ca manyazi, naiwala mphatso imene anawasiyira. Akanalakwa kaciwiri akanamsandutsa woyera mtima ndi kuphimba mwazi wa ku Nogoa. Tom Wills anali katswiri, anali wobvulala mumtima, analinso mwana wa nyumba imene inalemera ndi malo olanda. Zonsezi ziyenera kunenedwa pamodzi, cifukwa mwana wouzidwa theka la mbiri ya kwao amadzakhumudwa tsiku limene adzamva theka linalo kwa alendo.

Pang'ono ndi pang'ono maina ena alikubwerera m'malo mwace. Johnny Mullagh, amene anamwalira mu 1891 ku Harrow, kwao kumadzulo kwa Victoria, tsopano ali ndi mendulo yochedwa dzina lace: kuyambira mu 2020 imaperekedwa kwa wosewera bwino koposa pa mpikisano waukulu wa kiriketi umene umayamba pa 26 December ku Melbourne, tsiku ndi bwalo lomwe lija limene iye anasewerapo mu 1866. Tom analandira ciliza cace. Azungu 19 aja maina ao analembedwa. Koma a Gayiri amene anaphedwa m'mapiri a Queensland, amuna, akazi ndi ana, palibe anawafunsa maina, ndipo palibe anawawerenga bwino. Pamene tikumbukira munthu amene anadikira ciliza zaka 100, tiwakumbukirenso iwo.